Kalata kwa okonza zionetsero za malonda mu Lusaka: lembani manambala a intaneti mu mgwirizano ndipo kokerani kebulo ku masitandi

Kwa akuluakulu okonza misonkhano ndi zionetsero za malonda mu Lusaka, eni maholo ndi mabwalo ochitirapo zionetsero, ndi inu a makampani ogulitsa intaneti,

Olemekezeka,

Amene takulemberani ndife amisiri amene timakoka makebulo, kupachika zida za Wi-Fi ndi kuyang'anira netiweki pa masiku a chionetsero. Pempho lathu ndi lakuti munthu amene walipira sitandi aziuzidwa, polemba ndiponso m'manambala, intaneti imene adzaipeze pa sitandi yakeyo, monga mmene mumamuuzira kukula kwa malo ake ndi kuchuluka kwa masoketi a magetsi. Mawu akuti "Wi-Fi yaulere ilipo", amene amalembedwa kumunsi kwa fomu yolembetsera, sauza munthu liwiro, sauza chiwerengero cha zida zimene angalumikize, ndipo satchula woti amuitane zinthu zikavuta.

Malonda a masiku ano amadutsa m'foni. Wogula akakonda katundu amafunsa nambala ya Airtel Money kapena ya MTN MoMo, apo ayi amatulutsa khadi la kubanki. Kuyambira mu 2024 amalonda olembetsedwa pa VAT akufunika kupereka ma invoice kudzera mu Smart Invoice, imene imalumikizana ndi makompyuta a ZRA, bungwe lotolera misonkho. Kampani ya mbewu imaonetsa kanema, ya inshuwalansi imalembetsa anthu pompo, ya mapulogalamu a kompyuta ilibe chilichonse choonetsa intaneti ikaduka. Gulu la amayi limene lanyamula chiponde ndi uchi kuchokera ku Chipata, ulendo wa makilomita oposa 500, lalipira basi, malo ogona ndi sitandi, ndipo lili ndi masiku owerengeka oti ndalamazo zibwerere. Makina a khadi akangozungulirazungulira kwa mphindi ziwiri, wogula amati "ndibweranso", ndipo wogulitsa aliyense amadziwa kuti ameneyo wapita.

Cholakwika choyamba chimachitika zitseko zisanatsegulidwe. Intaneti imayesedwa m'holo yopanda anthu, munthu mmodzi ataima pakati ndi foni imodzi. Foniyo ikaonetsa liwiro la intaneti la 80 Mbps onse amakhutira n'kusainirana. Koma holo ya tsiku lotsegulira ndi ina. Thupi la munthu ndi madzi ambiri, ndipo madzi amameza mafunde a Wi-Fi. Masitandi amabwera ndi mafelemu achitsulo, masikirini akuluakulu, mafiriji, nthawi zina ngakhale thirakitala, ndipo zonsezi zimatchinga kapena kubweza mafunde. Pamwamba pa izi munthu aliyense wolowa pakhomo ali ndi foni m'thumba. Walira mvula walira matope: khamu limene mumalengezera pa wailesi kuti libwere ndi lomwelo limene limatsamwitsa netiweki, choncho liyenera kuwerengedwa pokonzekera.

Kuwerenga kwake sikovuta. Tiyerekeze holo ya masitandi 100, iliyonse ili ndi antchito atatu, aliyense ali ndi foni ndi laputopu kapena tabuleti. Zimenezo ndi zida 600. Onjezani makina a khadi 100 ndi masikirini ndi mapulinta 50, zafika 750 mlendo woyamba asanalowe. Masana m'holo mukakhala alendo 1,000, theka lawo n'kulumikiza, zida zakwana 1,250. Chida chomwaza Wi-Fi, chimene amisiri timangochitchula kuti AP, timachiwerengera zida 40 kapena 50 zogwira ntchito nthawi imodzi, ndiye holo imeneyi ikufuna ma AP 25 mpaka 32. Pa katoni ya AP pakhoza kulembedwa nambala ya mazana angapo, koma imeneyo ndi nambala ya zida zimene zingalumikizidwe, si ya zida zimene zingagwire ntchito bwino. Rauta ya m'nyumba, ija imabwera ndi SIM khadi, inapangidwira banja limodzi. Marauta otere anayi atapachikidwa m'ngodya za holo amagwa isanakwane 10 koloko.

Kuchulukitsa ma AP pakokha sikuthandiza ngati atcheredwa molakwika, ndipo pano tipemphe muleze mtima tifotokoze chifukwa chake. Pa tchanelo imodzi ya Wi-Fi zinthu zimayenda ngati pa bwalo la mfumu: mmodzi akamalankhula, onse amene akumumva amadikira. Pa 2.4 GHz matchanelo osasokonezana alipo atatu okha, 1, 6 ndi 11, ndipo m'menemo ndi mmene mulinso Bluetooth ndi phokoso la ma microwave a kumasitandi a zakudya. AP ikatsegulidwa mphamvu yonse, mawu ake amafika mbali ina ya holo n'kuchititsa AP inzake ya tchanelo yomweyo kudikira. Chotero ma AP 30 ofuula onse amapereka liwiro lochepa kuposa ma AP 30 olankhula motsitsa. Mphamvu itsitsidwe, ntchito yaikulu ipite ku 5 GHz kumene matchanelo ndi ochuluka, m'lifupi mwa tchanelo mukhale 20 MHz osati 80, ndipo 2.4 GHz izimitsidwe pa ma AP ambiri n'kusiyidwa pa ochepa chifukwa cha makina akale a khadi. Maliwiro otsikitsitsa a Wi-Fi yakale atsekedwe, poyambira pakhale 12 Mbps, kuti foni imene ili kutali isamadye nthawi ya onse. AP ipachikidwe pamwamba pa mitu ya anthu ndi makoma a masitandi, mamita atatu mpaka asanu. Ngati denga ndi lalitali kwambiri moti palibe pena popachika, pagwiritsidwe ntchito ma antenna olozetsa mafunde pansi. Muyeso wolandirira ntchito ukhale wakuti pa sitandi iliyonse mphamvu ya mafunde isatsike kupyola -67 dBm, ndipo uyesedwe masitandi atamangidwa kale.

Pali vuto lina limene limadzidyetsa lokha. Oonetsa malonda amene anavutikapo amabwera ndi MiFi yawo, karauta kam'thumba ka SIM khadi, kapena amatsegula hotspot pa foni. Sitiwadzudzula, akuteteza ndalama zawo. Koma dzina lililonse la Wi-Fi limadzilengeza m'mlengalenga pafupifupi kakhumi pa sekondi iliyonse, ngakhale palibe amene akuligwiritsa ntchito. Ma MiFi 100 ndi malengezo 1,000 pa sekondi, ambiri pa matchanelo atatu aja ndiponso pa liwiro lotsikitsitsa. Netiweki ya holo imayamba kuchedwa, ena amene anali kuidalira amatsegulanso ma hotspot awo, ndipo pofika masana palibe imene ikugwira, ya holo ngakhale ya munthu payekha. Kuletsa ma MiFi ndi chikwangwani sikuphula kanthu ngati simunapereke chodalirika m'malo mwake. Chimene chimathandiza ndi lamulo lolembedwa mu mgwirizano lakuti wobwera ndi rauta yake aionetse kwa amisiri pa tsiku lomanga masitandi, itcheredwe pa 5 GHz, pa tchanelo imene apatsidwa, mphamvu itatsitsidwa. Inunso eni holo musachulukitse mayina a Wi-Fi. Atatu akwana: la oonetsa malonda, la alendo, ndi la ogwira ntchito yokonza chionetsero.

Tifike pa chimene tikuchiona chachikulu koposa, ndicho kebulo. Sitandi iliyonse imene ikulandira ndalama, kuulutsa kanema pa Facebook kapena YouTube, kapena kuonetsa pulogalamu yodalira intaneti, ikhale ndi kebulo yakeyake yofika pa tebulo. Kebulo siimva khamu, siimva ma MiFi, ndipo chida chilichonse chimene chachoka pa Wi-Fi chimapepukitsa otsalawo. Ntchito imeneyi ili ndi malamulo ake ochepa amene akaphwanyidwa zinthu zimavuta mosadziwika bwino chiyambi chake. Kebulo ya Cat6 isapitirire mamita 100 kuchokera pa switch, bokosi logawa netiweki ku makebulo ambiri, kufika pa chida, kuwerengera pamodzi ndi timakebulo tifupitifupi ta kumapeto. Ikapitirira imatha kuoneka ngati ikugwira, koma imadukaduka kapena kutsikira pa 100 Mbps. Holo ikakhala yaikulu, ikani ma switch angapo m'madera osiyana n'kuwalumikiza ndi faiba, kebulo yonyamula uthenga ndi kuwala m'malo mwa magetsi. Pakati pa nyumba ndi nyumba, kapena pakati pa holo ndi matenti a panja, padutse faiba basi, chifukwa waya wa kopa amanyamula mphamvu ya mphezi n'kuotcha zida mbali zonse ziwiri, ndipo mvula ya Lusaka kuyambira Novembala mpaka Malichi siisowa ziphaliwali.

Chenjerani ndi kebulo yotchipa yolembedwa CCA. Mkati mwake ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pang'ono. Ukaipala ndi mpeni imaonetsa kuyera. Imathyoka msanga pa pulagi, ndipo ikamanyamula magetsi opita ku AP imatentha n'kutaya mphamvu panjira, AP n'kumazima yokha n'kuyakanso. Kunena za magetsi a m'kebulo, muyeso wa 802.3af umapereka mawati 15.4 pa doko limodzi ndipo wa 802.3at umapereka 30. Ma AP ambiri a masiku ano amafuna wachiwiriwu. Switch ya madoko 24 ikhoza kukhala ndi mphamvu yokwanira ma AP asanu ndi atatu okha, choncho funsani mawati onse amene switch ingapereke, musangowerenga madoko.

Nthawi yokokera kebulo ndi kapeti asanayalidwe ndiponso makoma a masitandi asanaime. Izi zikutanthauza kuti amisiri a netiweki alandire mapu a masitandi milungu iwiri chionetsero chisanayambe, ndipo alowe m'holo tsiku limodzi omanga masitandi asanalowe. Zikasinthana, kebulo imadutsa pamwamba pa kapeti itamatidwa ndi tepi, ma trolley ndi ma forklift amaiponda, ndipo wina amapunthwa nayo. Podutsa anthu paikidwe zotchingira za labala. Kebulo iliyonse ilembedwe nambala ya sitandi mbali zonse ziwiri ndipo iyesedwe ndi tester isanakwiriridwe. Mmisiri amene wapatsidwa mtolo wa makebulo 48 a buluu opanda zolemba amataya theka la ola kufufuza umodzi, pamene wamalonda akudikira.

Tsopano za vuto limene limanamiza anthu ambiri. Foni imaonetsa kuti Wi-Fi ili yodzaza mizere yonse, koma imangoti ikufunafuna adiresi, kapena imalumikiza popanda intaneti. Anthu amati liwiro latha. Nthawi zambiri chatha ndi maadiresi. Chida chilichonse cholowa pa netiweki chimabwerekedwa adiresi ya IP ndi DHCP, gawo la rauta logawa maadiresi, ndipo marauta ambiri amabwera atatcheredwa kuti akhale ndi maadiresi osaposa 254, iliyonse yobwerekedwa kwa maola 24. Mlendo amene analowa 9 koloko n'kutuluka 10 koloko wapita ndi adiresi yake mpaka mawa. Pofika chapakati pa mmawa maadiresi atha, ndipo aliyense wobwera pambuyo, ngakhale wa sitandi amene laputopu yake inangogona pang'ono, amakanidwa. Mafoni atsopano amasinthanso nambala yawo yodziwikira pa netiweki, moti foni imodzi ikhoza kudya maadiresi angapo. Mankhwala ake salira ndalama. Netiweki ya alendo ipatsidwe /21, imene ili ndi maadiresi 2,046, kapena /20 ya maadiresi 4,094, ndipo nthawi yobwereka ikhale ola limodzi. Ya oonetsa malonda ikhale payokha ndi nthawi yotalikirapo. Ndi ntchito ya mphindi zisanu ngati wina waikumbukira, ndipo ndi chifukwa chake tikupempha kuti ilembedwe pa pepala lolandirira ntchito.

Kulekanitsa ma netiweki ndi VLAN, njira yogawa netiweki imodzi m'zigawo zosasakanikirana, kumatetezanso ku ngozi ziwiri zimene zimachokera kwa anthu osalakwa. Wa sitandi amatenga kebulo ya holo n'kuilowetsa pa doko la LAN la rauta yake, lolumikizirapo zida zake, m'malo mwa la WAN, lolandirira intaneti. Rauta ija imayamba kugawira holo yonse maadiresi ake, ndipo masitandi a kutali, amene sakudziwa n'komwe, amataya intaneti. Wina amaona kebulo ikulendewera n'kuilowetsa pa kaswitch komwe inachokera, uthenga n'kumazungulira osatha mpaka netiweki yonse itaima. Ma switch oyendetsedwa bwino ali ndi zotchingira zonse ziwiri, DHCP snooping ndi spanning tree pamodzi ndi BPDU guard, koma zimafunika kutsegulidwa. Pa switch yotchipa yopanda zotcherera mulibe zimenezi, ndipo malo ake si pa msana wa netiweki ya chionetsero.

Tsamba lija limatuluka polumikiza, lopempha dzina kapena kudina povomereza, likhale la alendo okha. Makina a khadi, mapulinta ndi ma TV ambiri alibe podinira tsamba lotere, choncho amangokhala olumikizidwa koma osafika kulikonse. Oonetsa malonda apatsidwe pasiwedi ya WPA2 kapena WPA3, ndipo ngati zida zikulola, sitandi iliyonse ikhale ndi yakeyake, kuti pasiwedi imodzi ikafalikira m'magulu a WhatsApp itsekedwe yokhayo. Pa netiweki ya alendo zida zisaonane. Ndipo ngati tsambalo likutolera manambala a foni ndi ma email, kumbukirani kuti Data Protection Act ya 2021 ikukukhudzani: munthu auzidwe chimene mukutolera ndi ntchito yake, ndipo musapemphe zimene simukuzifuna. Nambala ya NRC ilibe ntchito pa kulumikiza Wi-Fi.

Zonse tanenazi ndi za mkati mwa holo. Intaneti yolowa m'holomo nayo ili ndi mafunso ake, ndipo apa tikulankhula ndi inunso ogulitsa. Pa pepala la mtengo palembedwe ngati liwirolo ndi la holo yokha kapena logawana ndi makasitomala ena a m'deralo, ndiponso liwiro lotumizira lilembedwe padera ndi lolandirira. Pa chionetsero anthu amatumiza kwambiri: zithunzi, makanema, misonkhano ya Zoom. Kuulutsa kanema wooneka bwino kumafuna pafupifupi 5 kapena 6 Mbps yotumizira yosadukiza. Masitandi khumi akamaulutsa nthawi imodzi, 60 Mbps yapita. Laini ya 200 Mbps yolandirira koma 20 yotumizira idzatsamwa, ndipo mbali yotumizira ikadzaza, yolandiriranso imachedwa. Makina a khadi amadya zochepa kwambiri, koma uthenga wawo ukaima pamzere kuseri kwa kanema wa wina, nthawi yodikira imatha ndipo malipiro amakanidwa, nthawi zina ndalama zitachoka kale kwa wogula. Choncho VLAN ya malipiro ipatsidwe mwayi woyamba, sitandi iliyonse ikhale ndi malire ake, ndipo mlendo aliyense asapitirire 2 kapena 3 Mbps. Pa holo ya masitandi 100 ija, mukalonjeza 5 Mbps pa sitandi ndiye kuti mwalonjeza 500 Mbps. Si onse amene adzaigwiritse ntchito nthawi imodzi, koma wogula laini adziwe nambala imeneyi asanasankhe kugula yocheperapo.

Malaini akhale awiri, ndipo kuwiri kwake kukhale kwenikweni. Makampani awiri amene faiba yawo ikudutsa mu ngalande imodzi amaduka limodzi wokumba msewu akaiwaza. Funsani njira imene faiba iliyonse yadzera ndi khomo limene yalowera. Laini yachiwiri ikhoza kukhala ya wailesi yolozetsana padenga, kapena Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Zambia mu 2023. Starlink imathandiza kwambiri ku mabwalo a panja, koma imafuna thambo loonekera bwino lopanda mitengo kapena denga, liwiro lake lotumizira ndi lochepa poyerekeza ndi lolandirira, ndipo mvula yamphamvu imaifooketsa. Laini ya SIM khadi ndi yosadalirika ngati yachiwiri, chifukwa imadalira nsanja yomweyo imene khamu ladzaza. Kaya mwasankha iti, iyesedwe motere: tsiku loti mawa kutsegulira, wina azule kebulo ya laini yoyamba pamaso pa wokonza chionetsero, wina awerenge masekondi mpaka intaneti itabwerera. Laini yachiwiri imene sinayesedwepo nthawi zambiri imapezeka kuti sinalipiridwe kapena sinatcheredwe. Ndipo faiba yatsopano iitanitsidwe milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu nthawi isanakwane, chifukwa kukumba ndi zilolezo sizithamangitsidwa.

Za magetsi tonse tinaphunzira mu 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi ku Kariba ndipo malaiti ankapita maola ambiri pa tsiku. Maholo ambiri ali ndi jenereta tsopano, koma jenereta imatenga masekondi angapo kuti ilire n'kunyamula katundu. Kwa mababu zimenezo ndi kuphethira chabe. Kwa netiweki ndi mphindi zitatu mpaka zisanu, chifukwa kabokosi ka faiba, rauta, ma switch ndi ma AP zimayaka motsatizana, kenako zida 1,000 zimapempha maadiresi nthawi imodzi. Magetsi a ZESCO akabwerera zimachitikanso kachiwiri. Kabati iliyonse ya netiweki ikhale ndi UPS, chida cha mabatire chosunga magetsi akazima, osati ya ku ofesi yaikulu yokha. Switch yonyamula ma AP 12 a mawati 20 iliyonse, pamodzi ndi rauta ndi kabokosi ka faiba, imadya mawati pafupifupi 320, ndipo UPS ya 1,500 VA ya mabatire abwino imasunga zimenezi kwa mphindi zoposa 10. Mabatirewa amafooka pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, msanga kuposa apo akamakhala motentha, koma nyali yake imangoonetsabe yobiriwira. Njira yodziwira ndi kuzimitsa magetsi dala zida zili mkati mogwira ntchito. Netiweki ikhalenso pa breaker yakeyake. Ketulo imodzi imadya mawati pafupifupi 2,000, pulagi ya 13 A pa 230 V imathera cha pa 3,000, ndipo maketulo awiri a tiyi pa laini imodzi ndi switch amazimitsa masitandi 20. Kabati ikhale yokhoma kuti munthu asazule pulagi ya switch pofuna kutchaja foni. Pa zionetsero za panja, monga za nyengo ya Tsiku la Alimi kumayambiriro kwa Ogasiti, mphepo imadzaza fumbi m'mafani a zida, ndipo mu Okutobala kabati imene ili padzuwa m'tenti imatentha mpaka zida kudzizimitsa. Mthunzi ndi mpweya wodutsa zikonzedweretu.

Gawo lina silili m'manja mwa holo. Malipiro a mobile money odutsa pa manambala oimba aja, ndi makina a khadi okhala ndi SIM, amadalira nsanja za Airtel, MTN ndi Zamtel. Nsanja imene imatumikira dera tsiku ndi tsiku siingasenze anthu zikwi zambiri osonkhana malo amodzi. Makampani a mafoni ali ndi nsanja zoyenda nazo pa ngolo ndi zida zolimbikitsira netiweki mkati mwa nyumba, koma amafunika kalata yochokera kwa okonza, yotchula masiku, malo ndi chiwerengero cha anthu oyembekezeka, milungu ingapo nthawi isanakwane, pamodzi ndi malo oimikapo ndi magetsi. Musalole oonetsa malonda kupachika tizida tokwezera netiweki togula paliponse. Zida za mafunde zimayenera kukhala zovomerezedwa ndi ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti m'Zambia, ndipo kachida kotere kakatcheredwa molakwika kamasokoneza nsanja ya onse.

Munthu woyankha akhalepo nthawi yonse zitseko zili zotsegula. Pa tebulo la sitandi iliyonse pakhale kakhadi kolembedwa dzina la Wi-Fi, pasiwedi, nambala ya kebulo ndi nambala ya foni ya desiki ya amisiri, ndipo mgwirizano unene kuti mmisiri afika m'mphindi 15. Pa desikiyo pakhale sikirini yoonetsa ma AP onse ndi kudzaza kwa laini, makebulo osungira, mapulagi a RJ45, chopanira chake, tester, AP imodzi ndi switch imodzi yapadera, ndi timaadaputala ta USB tolowetsera kebulo, popeza malaputopu opyapyala ambiri alibe doko lake. Amisiriwo azitha kufotokoza m'chinenero chimene wamalonda akumva. Mayi wa ku Katete amene akuuzidwa za DHCP m'Chingerezi amangovomera, vuto lake lili pomwepo.

Tikudziwa kuti zonsezi ndi ndalama, ndipo sitikunena kuti zikhale zaulere. Tikunena kuti mtengo uoneke pa nthawi yolembetsa. Muyeso woyambira, tinene 5 Mbps mbali zonse ziwiri pa zida zisanu, ulowe mu mtengo wa sitandi, kuti magulu a alimi ndi amalonda ang'onoang'ono asatsale. Wofuna kebulo, liwiro lokulirapo kapena adiresi ya IP yakeyake aone mtengo wake pa fomu yomweyo, asadzauve pa tsiku lotsegulira pamene alibenso kothawira. Fomuyo ifunse mafunso anayi milungu isanu ndi itatu nthawi isanakwane: zida zingati, makina a khadi alipo ndipo amalumikiza motani, kodi mudzaulutsa kanema, kodi mukubwera ndi rauta yanu. Mayankho ake ndiwo amauza mmisiri kumene kebulo ipite ndi laini imene igulidwe. Mgwirizano unenenso zimene zichitike lonjezo likalephereka, mwachitsanzo kubweza gawo la ndalama ya intaneti ikaduka kupitirira ola limodzi pa tsiku. Inu okonza mulembe chimodzimodzi mu mgwirizano wanu ndi wogulitsa intaneti, kuti chibwezocho chisachoke m'thumba mwanu mokha.

Chionetsero chikatha, musalole amisiri kuzula zida asanakupatseni lipoti. Zida zoyendetsera netiweki zimasunga chiwerengero cha zida zimene zinalumikiza, ola limene zinachuluka koposa, liwiro lalikulu limene laini inafika mbali zonse ziwiri, AP imene inalemedwa kwambiri, ndi nthawi zonse zimene intaneti inaduka. Desiki iwonjezere mndandanda wa madandaulo, sitandi ndi sitandi, ndi chimene chinapezeka. Lipotilo likhale la okonza chionetsero, lisungidwe pamodzi ndi mapu a makebulo, ndipo liperekedwe kwa aliyense amene adzapikisane pa ntchitoyi chaka chamawa, kuti mitengo yawo idzachokere pa manambala a holo yanu yeniyeniyo. Tikupempha kuti pa msonkhano wanu woyamba wojambula mapu a masitandi a chionetsero chikubwerachi, mmisiri wa netiweki ndi wa magetsi adzaitanidwe.

Ife anu,

Amisiri a netiweki ogwira ntchito m'zionetsero za malonda mu Lusaka